Apongozi akundithyolera letesi wa paukwati

Aphungu,

Ndine telala, mayi wa ana atatu. Mwana wanga wachisamba akukwatiwa miyezi itatu ikubwerayi, ndipo ndi pakamwa pangapa ndidalonjeza kuti saladi wa paukwatiwo achokera m'kadimba kanga ka kuseri kwa nyumba. Ndidabzala letesi uja wofunga mutu ngati kabichi.

Nkhani yagona pa apongozi anga aamuna. Chimwalirireni akazi awo, tidawatenga kuti tizikhala nawo, koma ankangobindikira m'chipinda, chakudya n'kumabwerera chosakhudza. Tsiku lina adandiona pawindo ndikuthirira, adatuluka n'kundilanda ndowa. Kuyambira pamenepo akudya, akuseka.

Koma letesi amamuyesa mpiru. M'mawa uliwonse amathyola masamba n'kubwera nawo m'beseni, nkhope ili mwee: "Apongozi, ndiwo izi! Masamba mukamathyola m'pamene amaphukira bwino." Letesi wanga watsala ngati nkhuku zososoledwa nthenga. Mutu palibe, ndipo wina wayamba kutalika.

Mwamuna wanga amangoti, "Asiye, bola akudya." Sakunama. Ndikawaletsa, ndikuopa abwerera m'chipinda muja. Ndikakhala chete, ndikamuuza chiyani mwana wanga? Mtima ukundipweteka.

E.K.N., wa kufupi ndi msika

Mayi E.K.N.,

Pepani ndi maliro, komanso ndikuyamikeni: mpongozi wina akadakalipa kalekale. Koma ndinene mosapsatira, letesi ameneyo sadzafunganso. Masamba akunja ndiwo amadyetsa mutu, ndipo amene watalikayo wayamba kale kuwawa. Mzuleni.

Nthawi ikadalipo, koma safunsa adadya phula, nanunso mwachedwa kufunsa. Pezani mbande zatsopano sabata ino. Okerani madzulo m'nthaka ya manyowa owolerana bwino, motalikirana phazi limodzi. Letesi amadana ndi kutentha ndipo mizu yake siipita pansi, choncho phimbirani nthaka ndi udzu wouma, masana mumuikire kamthunzi. Thirirani m'mawa, patsinde osati pamutu, kuopa kuola. Nkhono muzitola ndi manja.

Tsono za bambo. Manja awo akufuna chothyola, apatseni. Afesereni bedi laolao la mpiru pafupi ndi khomo, azithyola mmene angafunire.

Za letesi musatume mwamuna wanu, ndipo musanene nokha. Tumani mkwatibwi. Mdzukulu amalowa pamene mpongozi amavulira nsapato. Akakhale nawo pansi, akawauze kuti letesi ameneyu ndi wa ukwati wake, ndipo amakololedwa kamodzi, mutu wonse, ukalimba. Akawapemphe kuti akhale mlonda wake: azithirira, azithamangitsa nkhuku, azigwira mitu ndi chikhatho kumva ngati yalimba. Mudzaona okha akukalipira aliyense wothothola tsamba, ngakhale inuyo.

Chenjezo langa ndi ili: musadzawauze kuti adaononga woyamba uja, ngakhale mongoseka. Ndipo dzuwa likakula letesi n'kukana, gulani wa kumsika, alendo sadzafunsa. Mwana wanu akadzayang'ana m'holo tsiku limenelo sadzayamba n'kufufuza mbale ya saladi. Adzafufuza mpando wa agogo ake, ngati pali munthu.

Aphungu