Dzina la agogo latsekeredwa ku Marka

Amayi, kumeneko mwadzuka bwanji? Paja munkati ndi pakamwa pangapa sindidzapitirira pa Nchalo osamenyedwa. Nanga lero munena chiyani? Ndafika ku China, ndabwerako, mano onse ali m'kamwa.

Kuno ku Bangula tili bwino. Chaka chino Shire watilekerera, mapira acha, ndipo ku dimba lanu lija achimwene akumba mbatata zambiri moti zina tagawira apongozi. Mbuzi yanu yakuda ija inafa, inameza jumbo. Shopu yanga ya zitsulo za njinga ikuyenda, ndiyo inandipititsa kutali konseko kukagula matcheni ndi masipoko pamodzi ndi amayi anzanga awiri. Nkhani yaikulu ndi ya mdzukulu wanu Esinta: wabereka mwana wamkazi. Chipumi ndi chanu chenicheni.

Tsiku lina tinapuma zogulagula, ndipo wotitanthauzira anatikweza basi kukaona nyumba yakalekale ya banja lina la kumeneko. Ndikuti nyumba, koma ndi mudzi wathunthu mkati mwa mpanda wa njerwa zotuwa. Pakhomo paliponse anapingasa thabwa lofika pafupi ndi bondo. Loyamba linandipunthwitsa, ndinalitukwana m'Chisena, anzanga mpaka misozi ndi kuseka. Pakati pa nyumba denga analisiya lobowoka dala kuti mvula izigwera m'kachitsime ka miyala. Ndinati anthu awa sanamuone Shire atalusa. Ife madzi timawathawa, iwo amachita kuwaitanira m'nyumba!

Chipinda chomaliza ndicho chandilembetsa kalatayi. Munali timatabwa tambirimbiri toimika m'mizere, kalikonse kali ndi dzina la munthu wakufa wa banjalo, kuyambira amene anaumba njerwa yoyamba. Mkulu wina wa mtundu womwewo, wopindika msana, ankachotsa fumbi pa kamodzikamodzi. Anandilozera kena, akuti agogo a agogo ake. Kenako anafunsa kudzera mwa wotanthauzira uja kuti nanga agogo anga dzina lawo ndani.

Amayi, ine amene sindisowa choyankha pamsika wa Bangula, ndinayankha theka lokha. Agogo a kwa bambo ndinawatchula. Koma amene anakuberekani inu, sindikuwadziwa ngakhale chilembo choyamba.

Munachoka ku Mozambiki nkhondo ili mkati, ine ndili kumsana. Ndikafunsa za kwanu munkangoti, "Wothawa sanyamula mtondo," nkhani n'kuthera pomwepo. Mantha anu ndikuwamvetsa, masiku amenewo kutchula munthu kunali kumuphetsa. Koma nkhondoyo inatha ndisanayambe n'kusenza ndowa komwe, ndipo inu mwapita kumanda osatsegula pakamwa.

Nditangobwerera ndinathamangira ku Marka kwa mng'ono wanu, amayi aang'ono, a Rozina. Maso achita khungu, miyendo yatupa, panja satulukanso. Ndinawapatsa nsalu, anaisisita n'kuthokoza m'Chisena kuti takhuta. Nditafunsa dzina lija anatembenukira kukhoma. Akuti tsiku lodutsa malire munawalumbiritsa kuti asadzatchule aliyense wotsala kwanuko, ndipo womasula lumbirolo ndinu nokha. Ndinakalipa, sindibisa, mpaka nkhuku zinabalalika pabwalo. Pambuyo pake ndinapepesa, ndinawaphikira phala, anamwa lonse. Dzina lokha ayi.

Mwana wa Esinta mchombo unagwa kale, m'chikuta anatuluka, koma mpaka pano tikungomuti Khanda. Akuchimuna abwera ndi maina awo atatu, ndawauza poyera kuti adikire. Ndikufuna atenge dzina la amayi anu. Wolidziwa watsala mmodzi, ndipo a Rozina akabwera nalo kuli inuko, kuno latha.

Tsono mfundo munamanga nokhayi bwerani mumasule. Achimwene akuti munawafikira m'maloto kuwadzudzula za mbuzi ija. Ngati mbuzi inakuyendetsani ulendo wonsewo, ku Marka si kutali. Pitani mukawauze a Rozina kuti palibenso msilikali akufunafuna munthu, alankhule. Loweruka ndikupita komweko ndi Esinta, khandalo ndikaliika pamiyendo pawo n'kukhala chete. Akangolitchula, ndikulonjeza kulilemba pasimenti pamwamba pa khomo la shopu, pomwe madzi sanafikepo, lanu pansi pake.

Musafike mochedwa, Amayi. Loweruka ndi mkuja.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Joana