Ndaviika Chala, Amayi

Amayi, kodi kukucha bwanji kumeneko?

Ife kuno ku Smethwick, ku Mangalande, tili bwino ndithu. Chisanu chatha, dzuwa likulowa mochedwa moti ana akukana kugona. Mpongozi wanu akugwirabe ntchito kuchipatala kuja, ma shift ake ndi omwe aja munkadandaula nawo. Chisomo mano akutsogolo aguluka. Ukamulankhula Chichewa amamva zonse, koma kuyankha ndi Chingerezi basi. Uja munamusiya ali m'mimba anabadwa wamkazi, tinamutcha Esinati, dzina lanu, ndipo liuma watengeranso inu. Ku Tsangano, mlongo wanga Felesiya akuti mvula inadula msanga, chimanga chinapserera, koma kachewere wa kudimba kwanu wachita bwino.

Matenda anga aja, Amayi, sanathe, angowonjezekera. Mpira wa pa TV sundiphonya. Mafilimu ndimaonerabe, ndipo tsopano ndimalemba maganizo anga m'kanyuzipepala ka Amalawi a kutchalitchi kwathu, anthu mpaka kumanditcha Bwana Mkonzi. Ndayambanso kuwerenga mabuku a besibo, masewera a ku Amereka omenya kampira ndi chibonga n'kuthamanga mozungulira. Musandifunse chifukwa, sindinawaonepo ndi maso, ndimangokonda nkhani zake. Pamwamba pa zonsezo pali ndale zakwathu. Tikatuluka m'tchalitchi timakangana pakhomo mpaka kusasa mawu, chonsecho kuno palibe ndi mmodzi yemwe amene angavotere munthu wa ku Malawi. Ndikukumvani mukuti, "Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada."

Koma ndalemba kalatayi chifukwa cha chala.

Mukukumbukira chisankho chomaliza ndisananyamuke? Inu munadzuka mbandakucha, chiphaso chovotera mutachitulutsa m'buku lanu la nyimbo, n'kukaima pamzere mpaka masana ndi mwendo wotupa uja. Ine ndinati ndibwera pambuyo, koma ndinakhotera kumsika kukaonera filimu yakarate, itatha inayamba ina. Madzulo munandiyandikizira kumaso chala chanu cha inki, n'kunena kuti, "Ine wosapita kusukulu ndalankhula lero. Iwe wamabuku, walankhulira kuti?" Ndinaseka, koma mawu aja anandibaya. Mwatsikira kulichete musanandionepo ndi inki pachala, ndipo zimenezi zimandiwawa kwambiri.

Mwezi watha kunabwera kakhadi ka dzina langa. Kani ife ochokera m'mayiko omwe ankalamulidwa ndi Angerezi timaloledwa kuvota kuno! Mpongozi wanu ndiye anatilembetsa, iye n'kuvoteratu kudzera papositi. Ine ndinati ameneyu ndiye mwayi wanga. Kakhadiko ndinakaika m'buku la besibo kuti ndisaiwale tsamba lomwe ndalekezera.

Tsikulo linali Lachinayi. Sukulu ya Chisomo anaitseka chifukwa ndi komwe timavotera, ndiye ndinapempha tchuthi kuti ndikhale ndi ana. Ndondomeko yanga inali yooneka bwino: m'mawa kulemba za filimu, masana kuvota, madzulo mpira waukulu. Za filimuzo zinandidyera mpaka 2 koloko. Ndiye ndifunefune kakhadi kaja, pansi pa mipando, m'majekete, ngakhale m'chikwama cha matewera, ayi ndithu. Kenako mtima unangoti phwii! Buku lija ndinali nditalibweza kulaibulale Lolemba.

Ndinaponya Esinati m'kangolo kake, Chisomo pambuyo, liwiro la kulaibulale. Mtsikana wa pakauntala anayang'ana pakompyuta n'kundiuza kuti bukulo wina walibwereka dzulo. Amayi, taganizani! Smethwick yense uyu, kani muli wamisala mnzanga wowerenga za besibo, ndipo anasankha sabata yomweyi. Mpongozi wanu akakhala muwodi foni amazimitsa, kunalibe womufunsa. Ine ndimadziwa zakwathu: ukataya chiphaso, wadzitaya wekha.

Ndinabwerera kunyumba, ndinakhala pampando, ndinayatsa TV. Akatswiri anali atayamba kale kukambirana za mpira wa madzulo. Ndisaname, kamtima kena kanapepuka, kakuti, chabwino, wayesetsa, si vuto lako. Ndiye ndinayang'ana dzanja langa litagwira rimoti, zala zonse mbee. Manyazi anandigwira ngati muli pakhomo pomwepo mukundiyang'ana. Ndinazimitsa TV ija.

Ndinasonkhanitsa chilichonse chokhala ndi dzina langa: pasipoti, setifiketi ya ukwati, kalata ya ubatizo, ngakhale digiri yanga ili m'galasi momwemo. Ndinavala jekete la kutchalitchi. Panjira ndinkayeseza mawu opepesa, ndipo ndinatsimikiza kuti akandikaniza ndigwada, ana aone, palibe kanthu.

Kusukuluko kunalibe mzere, kunalibe wapolisi. Patebulo panali amayi ena achikulire akumwa tiyi. Ine ndinayamba ulaliki wanga, za laibulale, za buku, uku ndikuyala mapepala. Iwo anangondifunsa dzina ndi komwe ndimakhala, analemba kamzere pamndandanda wawo, n'kundipatsa pepala lovotera. Akuti kakhadi kaja n'kongokumbutsa tsiku! Digiri ija sanaiyang'ane n'komwe.

Ndinalowa m'kachipinda, ndinapeza pensulo yomangirira kuchingwe ngati mbuzi. Ndinachonga. Ndinalipinda pepalalo. Nditaponya m'bokosi ndinabwerera patebulo paja n'kutambasula chala. Amayi aja anangochiyang'ana. Ndinawafunsa za inki, iwo anaseka n'kunena kuti kuno zimenezo kulibe. Ha! Ndiye munthu adziwika bwanji kuti walankhula?

Titafika kunyumba ndinatsegula botolo la inki ya cholembera changa cha Bwana Mkonzi, ndinaviika chala mpaka pamfundo. Chisomo anandifunsa m'Chingerezi chake chifukwa chomwe ndikudzidetsera. Ndinamukhazika pamwendo n'kumufotokozera m'Chichewa za agogo ake, za buku la nyimbo, za mwendo wotupa pamzere. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anatambasula kachala kake kuti nayenso ndimuviike. Ndinamuuza kuti ayi, imeneyi sapempha, adzaipeza yekha akadzakula. Mpira uja ndinaupeza utapita kale theka, ndipo sindinadandaule.

Amene ndinamuvotera wagwa, koma zimenezo sizikundidetsa nkhawa. Kuntchito akhala akundifunsa ngati ndinadzimenya ndi chitseko. Lero ndi tsiku lachitatu, inkiyo ikadali m'chikhadabo, ndipo ndi chala chomwecho chomwe chagwira cholembera ichi.

Mpira, mafilimu ndi mabuku sindisiya, mukundidziwa. Koma ndikukulonjezani kuti tsiku lovota lizikhala loyamba, ndipo ndizipita m'mawa monga inu. Ndachedwa kuyankha funso lanu lija, Amayi, koma taonani chalachi. Ndalankhula.

Ndimakukondani, ndipo ndimakusowani tsiku ndi tsiku.

Ndine mwana wanu,
Yohane