Variyebulo Imene Sindinaiyese

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Chikwawa tilipo, kungoti kukutentha, ndipo amayi mwendo ukuwavutabe.

Ine ndatopa. Sabata yatha ndinkayesa timalamulo ta pakompyuta tosintha mavariyebulo, timabokosi tosungamo mayina tija, m'chida chomangira pulogalamu ya alimi a mpunga ija. Tosintha mayina a mafayilo tinayenda, todula dzina la foda tinayendanso. Koma variyebulo yopanda kanthu sindinaiyese. Lamulo lofufuta litapeza kuti m'variyebulomo mulibe dzina, linasesa foda yonse ya pulogalamuyo. Ntchito ya milungu itatu, achimwene, ndipo alimiwo akuidikira Lachisanu.

Za kusunga kope pena musandiuze, ndadzitukwana kale ndekha. Ingonditumizirani laputopu yanu yakale ija, ndiziyesera pamenepo. Panopa ndayambiranso kulemba pulogalamuyo pa mzere woyamba.

Mulungu akusungeni kumeneko.

Ine mng'ono wanu.