Dzina la Wirote pa Chitseko

Lolemba, 10 Malichi
Aikokera padoko lero, sitima yankhondo ija. Dzimbiri lokhalokha, mizinga anazula kale. Akuti akaimiza pakati pa nyanja kuti nsomba zizikhalamo, alendo azitsikira pansi kukaona. Anthu asanu tapatsidwa ntchito yoiboola ndi moto. Nditaona nambala yake, ndinaizindikira pompo. Mng'ono wanga Wirote anafera m'menemu ali msilikali. Zaka 19 tsopano.

Lachiwiri, 11 Malichi
Ndachipeza chipindacho, pansi pafupi ndi injini. Chopanda zenera. Ndi m'mene mkulu wa asilikali Thawee anamutsekera Wirote masiku awiri, ati anayankha mwano. Kwa amayi analemba kuti anali ndi nthenda ya mtima. Mnyamata wa zaka 20! Kumkati kwa chitseko penti ndi yokandikakandika ndi zikhadabo, cham'munsi. Sindinalire.

Lachinayi, 13 Malichi
Kapitawo wathu Chalerm akuti Thawee adzabwera tsiku lomiza, adzalankhula n'kuponya maluwa. Maluwa!
Zitseko zonse tikuzula. Cha chipinda chija ayi. Ndachiwotcherera chili chotsegula, kenako ndalembapo ndi chitsulo chosungunula, zilembo zazikulu ngati chikhatho: WIROTE ANAFERA MUNO. ANAMUTSEKERA NDI THAWEE.

Lachisanu, 14 Malichi
Chalerm waona. "Iwe Somnuek, ukufuna tonse atithamangitse?" Ndamupatsa makina opalira. "Palani nokha, akulu." Anayang'anitsitsa zokandika zija. Kenako: "Muli mdima muno, ine sindikuona kanthu." N'kutuluka.

Lolemba, 17 Malichi
Yamira 10:40, ansembe achibuda atapemphera. Thawee wanenepa, mendulo mbwee pachifuwa. Ati sitimayi inali mayi wa anyamata ake onse. Ndiye akunyadira kuti mdzukulu wake Kanokwan ndi amene adzayambe kutsikirako mawa ndi kamera. Atsike, awerenge.

Lachiwiri, 18 Malichi
Ndinapempha malo m'boti loperekeza Kanokwan. Mtsikanayo anatha mphindi 40 pansi pa madzi. Atavuuka, agogo ake anamutambasulira dzanja akumwetulira. "Waiona bwanji, mama?"
Sanaligwire. Anakwera yekha, n'kuvula magalasi osambirira, madzi ali chuchuchu.
"Agogo, Wirote ndi ndani?"
Thawee anayamba kutiyang'ana mmodzimmodzi. Atafika pa ine ndinavula chipewa kuti aione bwino nkhope. Ine ndi mng'ono wanga tinkafanana kwambiri.