Makilo a Mlenje

Lolemba, 5 Ogasiti

Ndiyambe ndi kukonza bodza. Everlyn, mnzanga wa kutchalitchi kuno ku Dubai, wauza gulu lonse la pa WhatsApp, mpaka kutchalitchi dzulo, kuti Hildah akupita ku holide ndi abwana ake, ati “tonse tikudziwa mmene maholide otere amathera.” Sindikupita ku holide ine. Ndikupita kukachapa masokosi kutchire. Kungoti tchirelo lili ku Zambia, m’chigwa cha Luangwa, ndipo kuchokera kumeneko kufika ku Chipata ndi maola ochepa chabe. Abwana andilonjeza masiku awiri. Achemwali anga a Rosta abwera ndi Tasha kuchokera ku Balaka kudzandipeza ku Chipatako. Mwana wangayu ndinamusiya ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, pano ali ndi zisanu ndi zinayi.

Abwanawa m’buku lino ndiziwatcha a Mlenje. Ntchito yawo n’kugulitsa mafulati. Akaona mphemvu m’bafa amaitana ine ali chiimire pakhomo. Lamulungu likubwerali akunyamuka kukapha njati.

Ine ndinaphunzira za nyama zakutchire zaka zitatu ku yunivesite. Ndikanapanda kuuza lekichala wina zimene kalasi yonse inkaganiza za iye, sakanandichotsa sukulu, bwenzi pano ndili pageti la paki, ndikupempha anthu ngati awa kuti andionetse chilolezo.

Lachiwiri, 6 Ogasiti

Makatoni asanu ndi awiri afika. Malaya a buluu woderako, asanu ndi limodzi, ati amagwirizana ndi maso awo pachithunzi. Ndawauza kuti kashembe, ntchentche yoluma ija, amakonda buluu ndi zakuda kuposa china chilichonse. Andiyang’ana ngati firiji yalankhula. Afufuza pa foni, apeza zomwezo, kenako akauza madamu kuti “ndawerenga penapake.” Mawa ndikabweze malaya.

Zina zimene mlenje weniweni sangapite popanda: mashini a khofi, pilo wa khosi, kafiriji ka ndudu zikuluzikulu zija, fani ya batire, mipeni itatu, kamfuti kosisitira msana. Mfuti yeniyeniyo akabwereka komweko.

Lachitatu, 7 Ogasiti

Nsapato zatsopano zimafuna kuzoloweretsa. Kunja kuli ng’anjo, ndiye akuzizoloweretsera m’molo, chinyumba cha masitolo, pa matailosi, mu mpweya wozizira. Ine pambuyo ndi botolo la madzi. Tazungulira kawiri, chithuza chatuluka, takhala pansi kudya keke.

Madzulo ano aphunzira kulozetsa. Ndodo ya mopu paphewa, njati ndi sofa. Andiuza kuti ndifuule mwadzidzidzi kuti azolowere kudzidzimuka. Ndafuula. Mopu yagunda nyali.

Thumbiko, mlonda wa pageti lathu kuno ku JVC, dera limene tikukhala, wandifunsa ngati ndingamutengere kaphukusi ka amayi ake ku Rumphi. Ndati achimwene, Rumphi ali m’thumba la Chipata kodi? Waseka. “Inu asisi pakamwa panu adzakutsekerani ndi loko.” Ndati ayese, ambiri anayesapo.

Chikwama changa ndalongedza kale. Nsapato za Tasha, ndagula zokulirapo chifukwa phazi lake sindikulidziwanso. Chikwama cha kusukulu. Diresi yachikasu. Zanga ndi madiresi awiri basi.

Lachinayi, 8 Ogasiti

Kwabwera fomu. Kuchokera ku Lusaka kupita kumsasa tikwera kandege kakang’ono, ine, a Mlenje ndi anzawo adokotala a mano. A kandegewo akufuna kudziwa kulemera kwa munthu aliyense ndi katundu wake. Makilo 15 pamunthu, m’zikwama zofewa.

A Mlenje andiponyera laputopu. “Hildah, Chingerezi chako n’chabwino, lemba. Ine 90, katundu 15, khalas, basi.”

90? Ndatenga sikelo ya madamu kubafa, ndaiika pakhomo la khitchini, ndati bwana taimani apa ndione ngati ikugwira. Aima atavala nsapato za njati zija. 113. Ati sikelo ndi yakufa. Ndakwera ine, 62, monga mwa masiku onse. Ati ndiye kuti imafa ikakwera mwamuna.

Katundu ndayeza chimodzichimodzi. Wawo yekha 71.

Ndalemba zoona. Choyamba, sindinabwere ku Dubai kudzafera m’kandege chifukwa cha mimba ya munthu wina. Chachiwiri, ndivomere, ndinafuna kuti ku Lusakako wina awerenge kalata yolembedwa bwino, manambala ali m’mizere yake, adziwe kuti m’nyumba muno muli mmodzi amene anapita kusukulu. Ndinawonjezeranso ndime yofunsa za kutalika kwa bwalo lotera. Inali kalata yokongola.

Lachisanu, 9 Ogasiti

Ayankha. Akuthokoza kwambiri chifukwa cha kalata yomveka bwino. Tapyola ndi makilo 60. Kandege kena kulibe, nyengo ino tonse n’todzaza. Tichotse katundu kapena munthu mmodzi.

A Mlenje awerenga kawiri. “Unalemba chiyani iwe?” Ndati zimene sikelo inanena. Ati sikelo sinalembedwe ntchito m’nyumba muno.

Tsiku lonse pansi pabalaza, zikwama zili yasa. Ndachotsa mashini a khofi, makilo 9. Abwezera, ati munthu sangalozetse mfuti asanamwe khofi. Ndachotsa kafiriji, abwezera. Ndachotsa mipeni iwiri, avomera, kenako atenga umodzi. Ndawafotokozera kuti kumsasa amachapa tsiku lililonse, mathalauza atatu akwana. Ati nanga zithunzi zonse aoneke atavala zomwezomwezo ngati wosauka? Ndawauza kuti njati siyang’ana thalauza. Madamu aseka kukhitchini, ndipo kusekako sikunandithandize.

Aimbira adokotala a mano kuti achepetseko wawo. Iwonso atenga tebulo lopinda ndi mabotolo. Akambirana nthawi yaitali, ndamvamo dzina langa kawiri.

Pofika madzulo tinali titachotsa makilo 4. Anayi. Ndati chikwama changa chitsale, ndi makilo 7, nsapato za mwana ndizikoleka m’khosi. Ati “inshallah, tiona.” Inshallah wa m’nyumba muno ndimamudziwa. Ndi yemwe uja wa tsiku langa lopuma.

A Rosta atumiza mawu pa foni. Mapepala a Tasha owolokera malire atheka. Akuti mwana sakugwirika, wauza kalasi yonse, walukitsa ndi tsitsi. Akufuna kunyamuka msanga kuti akayambe acheza kwa alamu awo ku Chipata. Ndayankha ndi kachithunzi ka mtima.

Loweruka, 10 Ogasiti

Sindinadye chakudya cham’mawa, ngati kuti makilo 56 angachoke ndi buledi mmodzi. Zaka zitatu za yunivesite zimenezo.

Andiitana cha m’ma 10. A Mlenje pa sofa, madamu pambali ndi foni.

“Hildah, ndaganiza bwino. Kumsasa kuli anthu ochapa. Ndipo ndafunsa, onse amalankhula Chingerezi. Iwe upume.”

Ndati bwana, palibe vuto, kandege ndikasiye. Mundisiye ku Lusaka, ndikwere basi ya ku Chipata, tidzakumane pabwalo la ndege tsiku lobwerera. Ndinalankhula mofatsa, Mulungu ndi mboni, mpaka ndinapinda manja.

Ayankha ndi madamu, maso ali pa foni. Ati wantchito wa mnzawo anapita kwawo kukaika maliro ndipo mpaka lero. Ati si kuti sakundikhulupirira, koma munthu wanzeru ngati ine, ndekha, pafupi ndi kwathu chonchija. Ndiponso sabata yamawa kubwera alendo.

Ndiye nzeru zanga azizindikira lero.

Ndati, “Madamu, ndikanafuna kuthawa ndikanathawa tsiku limene munandiuza kuti ndisite zovala za galu.” A Mlenje ati, “Yalla, yalla, fulumira, Disembala upita, inshallah. Tseka zikwama.”

Ndatseka. Ndakulunga mashini a khofi m’matawulo kuti asasweke. Kafiriji, fani, pilo, zonse zalowa. Mankhwala a malungo ndaika m’thumba lapamwamba, ndalembapo tsiku loyambira, chifukwa ndikapanda kutero amwa onse tsiku limodzi. Ndine chitsiru chodziwa ntchito.

Ndatsegula foni kuti ndiuze a Rosta. Ndapeza uthenga wa Everlyn pagulu: “Asisi athu a safari, mutibweretsereko nyama yofutsa!” Anthu khumi ndi anayi aseka. Mlamu wa a Rosta ndi msuweni wa Everlyn. Ndikangouza a Rosta, pofika mawa tchalitchi chonse cha kuno chidziwa kuti Hildah wa ku yunivesite anamusinthanitsa ndi firiji. Ndati ndiwaimbira mawa, galimoto ikachoka. Mwina usiku a Mlenje atsegula m’mimba. Mwina adokotala a mano athyoka mwendo. Ndawapempherera onse awiri.

Lamulungu, 11 Ogasiti

Onse ali bwinobwino.

Galimoto inabwera 7 koloko. Ndanyamula zikwama zisanu kutsika nazo, Thumbiko wandithandiza chachikulu chija. Wayang’ana masilipasi anga, wayang’ana zikwama, sanafunse kanthu. Ndikanakonda akanafunsa kuti ndipeze womulalatira.

A Mlenje atuluka atavala chipewa chachikulu ndi mpeni m’chiuno. Ndawakumbutsa kuti pabwalo la ndege awalanda. Auvula, andipatsa kuti ndiulowetse m’chikwama. Ajambulitsa pafupi ndi galimoto, wojambula ine. Ati ndibwereze, mimba yaoneka. Ndabwereza kanayi.

Kutchalitchi sindinapite. Ndakwera kuchipinda kwanga, ndakhala pabedi pafupi ndi chikwama cha Tasha, ndakonza mawu oti ndiuze a Rosta. Ndinafuna kuyamba ndi za kandege, kuti amvetse kuti nkhani yake ndi ya makilo. Ndaimba kawiri, foni yawo sikupezeka.

Cha m’ma 11 kwalowa uthenga pa nambala ya ku Zambia. Chithunzi. Tasha waima kutsogolo kwa ofesi ya pamalire ku Mwami, wanyamula pepala lodindidwa kumene, mano awiri akutsogolo ndi atsopano. Wafika paphewa la a Rosta.

Ananyamuka ku Balaka dzulo m’mawa. Awoloka 9 koloko.