Ziro wa pa Tsamba 41

Shikoswe, Kafue
11 Marichi 2024

Okondedwa alongo anga a Lastone,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Solweziko pamodzi ndi alamu a Ennie ndi ana. Ife kuno tikudzuka. Mvula yatinamiza chaka chino, chimanga cha amayi ku Shimabala chapserera chisanabereke, koma si za chimanga zimene ndalembera. Ndasankha kalata chifukwa pafoni mumandidula pakamwa, ndipo ine ndikakwiya ndimayamba kulira m'malo molankhula.

Mu envelopu muno mupeza buku lonyezimira ndi fomu ya tsamba limodzi. Bukulo ndi lipoti lija limene kampani yathu yoyenga mafuta ophikira imatulutsa chaka ndi chaka. Lamulo limati kampani yogulitsa masheya pamsika wa ku Lusaka iziuza eni masheya zoona: mmene malonda ayendera, zoopsa zimene zili kutsogolo, ndi zina zotero. Yathuyi imalembamonso ngozi za pantchito. Inu ndinu mmodzi wa eni akewo, pakuti masheya mazana atatu aja anagula abambo popuma ntchito analembedwa m'dzina lanu monga mwana wamkulu. Ndikudziwa kuti phindu lake silikwana ndi mbale ya kapenta yomwe, ndipo malipoti am'mbuyomu alamu anayatsira mbaula. Ili lokha musawapatse.

Tsegulani tsamba 3. Mumuona mng'ono wanu Chindikani atavala ovololo ya kampani ndi chipewa cholimba chachikasu, akuseka mano onse panja. Anamujambula mu Epulo chaka chatha, kutatsala miyezi iwiri kuti amire m'nkhokwe ya soya muja. Pansi pa chithunzicho alemba m'Chingerezi kuti antchito athu ndiwo banja lathu. Tsopano pitani pa tsamba 41, ndalipinda pangodya. Pali mzere wa antchito amene anafera pantchito m'chaka chonsecho. Nambala yake ndi ziro.

Ziro, alongo. Ndiye ife mu Juni tinaika ndani m'manda? Inu munachoka ku Solwezi kudzanyamula bokosi la yani?

Bodza lawo alibisa m'mawu amodzi, akuti "wantchito". Chindikani anagwira pamenepaja zaka zisanu ndi chimodzi. Ankalowa pageti limodzi ndi ine, ankadya mukantini imodzi ndi ine, amene ankamutuma anali kapitawo wa kampani. Koma pepala lake linkasainidwa miyezi itatu iliyonse ndi kontirakita wina amene ofesi yake ndi foni ya m'thumba. Ndiye akuti sanali wathu. Pomwetulira anali wabanja, pakufa wakhala mlendo. Sananame, akutero, angowerenga molingana ndi mawu. Ine kunama kotereku ndiko kumandinyansa kuposa kwa wakuba wa pamsika.

Pano ndikuuzeni chimene ndakhala ndikubisa. Mukudziwa kuti ndimataipa makalata mu ofesi ya a Gordon, mkulu woona za antchito. Manambala a tsamba 41 amachokera mu ofesi yathu asanapite ku Lusaka. Mu Januwale ndinakonza tsambalo, ndipo pamzere uja ndinalemba nambala wanu, kutanthauza munthu mmodzi. A Gordon anabwera nalo patebulo panga atazunguliza ndi bolopeni yofiira.

"Ba Tine, iyi wanu yachoka kuti?"

"Ni Chindikani, bwana. Mufana wanga."

"Niziba, na ine ninaliko ku maliro. Koma uja anali wa kontirakita. Apa tifaka chabe banchito batu. Fakani ziro."

Ndinawafunsa za chithunzi, chifukwa ndinali nditachiona kale pakati pa zimene anasankha. Anandiyang'ana ngati ndawafunsa mtengo wa tomato.

"Pikicha ni pikicha chabe. Aseka bwino, ma investa bakonda."

Kenako anandifunsa ngati Melody wanga akulemba mayeso chaka chino, nati sukulu yadula masiku ano. Ndinamva chimene ankatanthauza. Ndinafufuta wanu uja, ndinalemba ziro. Ndi chala changa ichi, alongo, ine yemwe ndinamupezera Chindikani ntchitoyo ndi kumuuza kuti apirire, tsiku lina adzamulemba yokhazikika. Kuyambira tsikulo ndikakhala pakompyuta paja ndimadziona wauve.

Sabata yatha mabuku anafika kuchokera kosindikiza, ndipo ndinabwera ndi awiri kunyumba. Ndinawaiwala patebulo. Pobwera kotunga madzi ndinapeza amayi atatsegula tsamba 3, akusisita chithunzicho ndi chala.

"Tine, sanamuiwale mwana wanga. Amuika m'buku. Tandiwerengera, alemba chiyani za iye?"

Ndinawawerengera zimene palibe. Ndinati alemba kuti anali wakhama, ndipo kampani yonse ikumulira. Lamlungu ananyamula bukulo m'chikwama kukaonetsa amayi anzawo kutchalitchi. Apempha kuti ndidule chithunzicho tichiike m'felemu. Kampani yanamiza eni masheya, ine ndanamiza amayi anga, ndipo sindikudziwa amene wachimwa kwambiri.

Mwina munena zomwe munanena pamaliro, kuti tisalimbane ndi anthu a ndalama, wapita wapita. Ndinakumverani nthawi ija. Koma Lachisanu ndikupita kukantini ndinaona anyamata awiri akutsikira m'nkhokwe yomweija, opanda chingwe m'chiuno, monga momwe anatsikira Chindikani. Angagulirenji zingwe? Buku likuti sikunafe munthu. Akuluakulu a masheya ku Lusaka akaona ziro amaomba m'manja, ndipo palibe amene amafunsa za chingwe pamene sipanagwe munthu. Ziro wanga uja ndi amene akuwatsitsira anyamatawo mmenemo.

Ndiye pempho langa ndi ili. Lachinayi pa 28 mwezi uno kuli msonkhano wapachaka wa eni masheya ku hotela ina ku Lusaka. Kumeneko mwini sheya aliyense, ngakhale wa mazana atatu, ali ndi ufulu woimirira ndi kufunsa funso, ndipo amalemba zimene zafunsidwa. Ine monga wantchito sindingalowe. Koma fomu ili mu envelopuyo imalola mwini sheya kutuma munthu wina m'malo mwake. Lembani dzina langa lonse, Tinenenji, pamzere woyamba, sainani pansi monga munasainira pa setifiketi ya masheya, ndipo muitumize pa basi. Iyenera kufika ku ofesi ya kampani ku Lusaka lisanathe Lolemba pa 25. Musaipinde kwambiri, ndiponso musaidetse ndi mafuta a kumgodi, chifukwa anthu aja angakondwe kupeza chifukwa choikanira.

Sindikatukwana munthu. Ndapempha kale tchuthi cha tsikulo, ndinati ndikupita kuchipatala. Ndikakwera minibasi ya m'mawa, ndikavala diresi langa labuluu. Nthawi ya mafunso ikakwana ndikaimirira, ndikatsegula tsamba 3, ndi kuwafunsa kuti munthu uyu ali kuti lero. Akayankha, ndikawapempha atsegule tsamba 41. Pepala loyamba lija, la wanu wozungulizidwa ndi bolopeni yofiira, sindinalitaye. Lili m'Baibulo langa.

A Gordon akakhala ali pomwepo, ndipo sindikudzinamiza kuti mpando wanga ukandidikira. Ndaganizira za lendi, ndaganizira za mayeso a Melody, mpaka mutu kuwawa. Mantha ndili nawo. Koma ngati mukana kusaina, mundiuze poyera kuti mwakana. Musadzati basi inataya envelopu.

Mupereke moni kwa alamu a Ennie, muwauze kuti za mbaula zija ndimangocheza. Moni kwa Jesse ndi Favour, alimbikire sukulu. Melody akuti amalume asaiwale nsapato zimene analonjeza. Amayi akupereka moni wambiri. Ali pakhonde pamene ndikulemba pano, buku lili pamiyendo, ndipo akuti ndikuuzeni kuti muone tsamba 3, mng'ono wanu waoneka bwino. Akutinso ngati mungakumane ndi akuluakulu a kampani, muwathokoze.

Abambo anasiya ana atatu, alongo. Tatsala awiri. Aliyense wodziwa kuwerenga aona kuti wasowa mmodzi.

Ndine mlongo wanu,
Tinenenji
(wantchito wa kampani, mpaka pa 28)