Ndamatula Zithunzi za Kuchipinda Kwanu

Amayi, kodi zikukuyenderani bwanji kumene munapitako?

Kuno tilipo ndithu. Ndiyambe ndi zabwino, poti inu simunkafuna munthu woyamba nkhani yoipa asanakhale n'komwe pansi. Mimba ija munaisiya ikungoyamba kuoneka inatipatsa mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu, Zainabu. Watenga mphuno yanu ndi ukali wanu womwe. Bere likachedwa pang'ono mudzi wonse umadziwa. Mpunga wa kudambo wachita bwino chaka chino, tidya mpaka mvula ina, koma chinangwa cha kumtunda nguluwe zatigawana nacho pakati. Mbuzi yanu yamawanga sinasiye khalidwe lake lolowa m'makhitchini a eni. Sadaka yanu ya masiku makumi anayi inayenda bwino, anthu anadya n'kukhuta, ndipo a Shehe anakuwerengerani mapemphero a duwa mpaka mawu anawasasa.

Tsopano ndinene chimene chandikhazika pansi kuti ndilembe. Ndawononga chipinda chanu, amayi, ndipo ndili ndi mantha.

Mutatisiya, ine ndi mkamwini wanu a Saidi tinasamukira m'chipindamo poti ndi chachikulu. Sindinasunthe kanthu. Makoma onse anayi anali monga munawasiyira, omatidwa manyuzipepala kuyambira pansi mpaka kudenga. Ndimakuonanibe mukuwongola ndi manja mapepala okulungira sopo ndi mchere ochokera m'masitolo a pa boma, kuwagoneka pansi pa mphasa masiku awiri, kenako kuphika phala la ufa wa chinangwa n'kumamata. Kuwerenga simunkadziwa, ndiye ena munkawamata chozondoka. Ife tikaseka munkati, “Ine ndikufuna nkhopezo, zolembazo n'zanu.” Munkati chipinda chopanda zithunzi chili ngati cha kuchipatala, choyenera munthu wodwala basi. A Shehe atakuuzani kuti zithunzi za anthu siziyenera pamalo oswalira, simunamatule ngakhale chimodzi. Munangonyamula mkeka wanu n'kumakaswalira pabalaza.

Pamwamba pa mutu wa bedi panali pepala lija la masiku amene tinkangolandira kumene ufulu. Mkulu wa dziko waima pakati, ndipo pambali pake pali nduna ija, agwirana chanza, onse awiri akuseka. Dzina lake sindilemba, ngakhale kwa inu. Masiku ano amamutcha chigawenga, ndipo munthu akafuna kumutchula amayamba wacheuka. Pepala limenelo simunalimate mwangozi. Bamboyo, akadali nduna, anafika padoko tsiku lina inu mukugulitsa zitumbuwa, anavula chipewa n'kukupatsani moni ndi manja awiri, ndipo moni umenewo munaukamba chaka chathunthu. Zinthu zitatembenuka, a Saidi anakunong'onezani kuti mulichotse. Munawayankha kuti, “Kuchipinda kwanga alowako ndani? Munthu anandilemekeza, akhale pomwepo.” Patapita nthawi tonse tinazolowera, maso athu anasiya kuliona.

Munaiwala za chikuta, amayi, ndipo nanenso ndinaiwala. Nditachira, amayi a m'mudzi muno anayamba kubwera kudzaona mwana, ndipo mukudziwa kuti mwana asanatulutsidwe alendo amalowa kuchipinda komweko. Tsiku lachinayi kunabwera a Nankhoma, akazi a tcheyamani wa nthambi ya chipani, aja amaima pachipata cha msika kufunsa makadi. Ajatu sukulu anapitako. Ananyamula mwana n'kumuyamikira tsitsi, kenako maso awo anadutsa pamwamba pa mutu wanga n'kukhazikika pamenepo nthawi yaitali. Anati, “Chipinda chokongola ichi. Mayi anu ankasunga anthu ambiri, eti? Ena ife tinawaiwala kale.” Anaseka pang'ono, anasiya sopo pamphasa n'kutuluka. Nditatembenuka kuti ndione chimene amayang'ana, maso anga anagwera pa pepala lija.

Inu simunamve za msodzi wina wa ku Liwaladzi, poti zinachitika mutapita kale. Anamupeza ndi kalendala yakale pakhoma, yokhala ndi nkhope yomweyo. Anamukweza galimoto anthu akuona, ndipo mpaka lero mkazi wake sakudziwa ndende imene ali. Ameneyo anali msodzi chabe. Nanga a Saidi, mphunzitsi wathunthu, wogona pansi pa chithunzicho tsiku ndi tsiku, anganene kuti sankadziwa?

Atabwera kuchokera kusukulu ndinawauza. Anatenga mpeni n'kukwera pabedi. Ndinawagwira mwendo. Ndinati, “Bambo a Zainabu, taonani bwino. Mukang'amba uyo mung'ambanso winayo, agwiranatu manja.” Anatsika pang'onopang'ono ngati munthu wokalamba. Kusunga nkhope ya chigawenga ndi mlandu, koma kung'amba nkhope ya Mkulu ndi mlandu woposa pamenepo, ndipo phala lanu lija linagwira ngati simenti, pepala silikanachoka lathunthu. Tinaganiza zootcha, koma phulusa la pepala limauluka, ndipo kachidutswa ka diso kapena chipewa kakanatha kukatera pabwalo la eni. Kudzala ana amatola chilichonse. Za kuchimbudzi palibe anayerekeza n'komwe kutchula.

Loweruka m'mawa tinatseka chitseko ndi zenera. Ndinafunditsa madzi, tinanyowetsa makoma ndi chiguduli n'kumapala ndi masupuni. Tinapala onse anayi, chifukwa pansi pa pepala lililonse panali lina, pansi pa limenelo linanso, ndipo sitinkadziwa kuti mwabisala ndaninso. Sitima zanu zija, azimayi a zipewa zazikulu aja, osewera mpira aja, onse analowa m'ndowa. Ndinawakanya ndi manja mpaka sipanatsale diso kapena chilembo, tinasakaniza ndi dothi la pachulu n'kumatanso makoma omwewo. Atauma tinapaka laimu. Penapake pafupi ndi zenera, pansi penipeni pa mapepala, ndinapeza mizere ya zala zanu paphala louma, mmene munkalipakira. Ndinalira supuni ili m'manja, koma sindinasiye kupala.

Mantha akakulowa sakuuza polekezera. Makoma atayera, chilichonse chotsala m'chipindamo chinayamba kuoneka ngati mboni. Makalata a achimwene ochokera ku migodi tinawanyika m'ndowa yomweyo, kuopa kuti angafunse zimene amalembamo. Mabuku a a Saidi anabwerera kusukulu. Wailesi tinaitulutsa pabalaza kuti aliyense azimva chimene tikumvera. Kalilole wanu ndinapeza kuti kumbuyo kwake munatsekako ndi nyuzipepala, nayenso anatuluka. Sutikesi yanu yachitsulo munayalamo mapepala pansi, ndinaikhuthula. Maluwa apulasitiki aja analibe mlandu uliwonse, koma ndinawachotsabe, sindikudziwa chifukwa chake.

Mutalowa lero simungachizindikire. Munangotsala bedi, mphasa imodzi, nyali, ndi msomali umodzi wopachikapo mkanjo wa a Saidi. Basi. Munthu akayankhula mawu amamveka ngati akuyankhulira m'ndowa, ndipo Zainabu akalira makoma amamuyankha. Mnansi wathu wina atasuzumira anati, “Koma ndiye mwayeretsa ngati kwa azungu.” A Saidi anayesa kundiseketsa, akuti tsopano nsikidzi zilibe pobisala. Ndinaseka kuti ndiwasangalatse. Zoona zake, m'mawa kuwala kukalowa chipindacho chimakongola ndithu, mpweya umayenda, kusesa sikutenga nthawi. Koma ine ndikagonamo ndimamva ngati mwamwalira kachiwiri, ndipo ulendo uno wakutulutsani ndi ine.

Ndinkaganiza kuti zatha. Lachiwiri masana a Nankhoma anabweranso, akuti kudzaona mmene mwana akukulira. Anangoti odi ali kale pakhomo la kuchipinda. Anayang'ana khoma ili, khoma ilo, mpaka onse anayi. Kenako anati, “Mwakonza bwino, mayi a Zainabu. Woipa uja mwachita bwino kumuchotsa. Nanga Mkulu wathu anali pambali pake uja mwamuika kuti?”

Ndinangonena chimene chinabwera pakamwa, kuti denga linadontha, mapepala onse anaola.

Iwo anati, “Mvula ya mwezi uno?” Anayang'ana kudenga, anayang'ana ine, n'kundibwezera mwana m'manja. Kunjaku mwera ukuomba, udzu wauma kale, mvula inasiya tisanayambe n'komwe kudula mpunga. Bodza lopusa chotero mukanalimva mukanandikoka khutu.

Tsiku lomwelo a Saidi anathamangira ku boma n'kubwera ndi chithunzi cha Mkulu cha m'galasi, choyenera, n'kuchikhomera pamalo omwe aja pamwamba pa bedi. Ndicho chithunzi chokhacho m'chipinda chonse, ndipo chimandiyang'ana ndikamayamwitsa. Koma tinachedwa. Dzulo kunabwera uthenga woti mawa m'mawa tonse awiri tikaonekere ku ofesi ya chipani. Sananene chifukwa, ndipo ife sitinafunse.

A Saidi akuti njira ndi imodzi yokha. Tikanene kuti mapepalawo anamata ndi gogo wosaphunzira, wosadziwa kuti uyu ndani uyu ndani, womata zinthu chozondoka, ndipo chiswe chinadya zonse, ife tinangopala zotsala. Akuti mawu amenewo akachokera kwa mkamwini sakamveka, ayenera kuchokera kwa ine mwana wanu. Anandipempha maso ali pansi. Anati, “Amayi sangawamangenso, Halima. Ine angandimange.” Sindinawakalipire, chifukwa akunena zoona. Ndawaona akusankha malaya awiri ndi juzi zoti avale mawa, chimodzi pamwamba pa chinzake, ndipo ndinadziwa kuti chimene akuopa si mwera koma kuzizira kwa m'ndende.

Ndiye mawa ndikaima pamaso pa anthu amene ena a iwo munawapatsapo zitumbuwa zaulere ali ana, n'kukutchani mbuli. Ndikanena kuti simunkadziwa chimene mukuchita. Mwina akaseka, ndipo ndikupempha Mulungu kuti akasekedi, chifukwa akakusekani inu ndiye kuti bambo a Zainabu abwerera nane kunyumba. Ndikuopa, amayi. Ndikuopa kuti mawu angakandikanike, ndikuopanso kuti angakatuluke bwinobwino koma osakhulupiriridwa. Inu munkadziwa bwino lomwe amene munamumata pakhomapo ndiponso chifukwa chake, ndipo m'dziko muno watsala wodziwa zimenezo ndi ine ndi a Saidi basi.

Mundikhululukire lero, ndisanalankhule. Ndikulonjezani kuti bodza limeneli ndikalinena kamodzi kokha, mu ofesi imeneyo. Mdzukulu wanu sadzalimva pakamwa panga. Akadzafika msinkhu wosunga chinsinsi, ndidzatseka chitseko n'kumuuza kuti agogo ake sanali mbuli.

Ndine mwana wanu wokukondani kwambiri,
Halima